5G isathamangitse foni ya mabatani ku Copperbelt

Kampani ya MTN itayambitsa 5G ku Zambia mu November 2022, Kitwe ndi Ndola inali pakati pa mizinda yoyamba kuilandira pamodzi ndi Lusaka, ndipo Airtel inatsatira mu 2023. Ambiri anangomva za liwiro la intaneti, koma chachikulu chimene chasintha chili pa nsanja za netiweki. Kale 2G inkafuna zipangizo zakezake, 3G zakenso. Lero ntchito yambiri youmba ndi kumasulira mafunde a wailesi imagwiridwa ndi pulogalamu ya kompyuta, nzeru imene Joseph Mitola anaitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chipangizo chimodzi chimatha kutumikira mafoni a 2G ndi a 4G nthawi imodzi, ndipo mainjiniya amasintha kagwiridwe kake ali muofesi, osakwera nsanja. Ine ndikuti nzeru imeneyi yachotsera makampani chifukwa chothamangira kuzimitsa 2G.

Funsoli lifika ndithu, pakuti Singapore inazimitsa 2G mu 2017 ndipo South Africa yakhala ikukonza zochita chimodzimodzi. Koma wogulitsa kapenta pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola amalandira ndalama pa foni ya mabatani, yotsika mtengo, yosunga moto masiku angapo. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi n'kumazima maola ambiri, foni yotereyi ndi imene inkakhalabe yoyaka. Nsanja imasinthika ndi pulogalamu, foni ya m'thumba ayi. Mwini wake ayenera kugula ina. Choncho cholinga chikhale chakuti nsanja izitsatira anthu pamene ali.

Otsutsa amati 2G imawononga mafunde, amene ndi ochepa ndipo makampani amawalipirira ndalama zambiri ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira makampaniwa. Mfundoyi ndi yoona, koma kukula kwake n'kochepa. Njira imodzi ya 2G ndi ya 200 kHz, pamene ya 5G imafika 100 MHz, kuposa inzakeyo ka 500. Kusungira 2G malo kuli ngati kusiya mzere umodzi wa nyemba m'mphepete mwa munda wa chimanga. Ngati mafunde akusowadi, yoyamba kuchoka ikhale 3G, monga anachitira ku Germany mu 2021, kumene anaizimitsa n'kusiya 2G ikugwira ntchito.

Ena amati 2G ndi yosavuta kuibera, komanso pulogalamu siisintha zonse: mlongoti ndi zokuzira mphamvu zimapangidwira mafunde akeake, ndiye zina zimafunabe kugula. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe akunena kuti 2G ikhale mpaka kalekale. Nkhani yagona pa amene aike tsiku loizimitsa, ndiponso poona chiyani. ZICTA ilole makampani kugwiritsa ntchito mafunde awo pa m'badwo uliwonse wa netiweki, koma iwamange kuti 2G isazime ku Chimwemwe mu Kitwe kapena ku Chifubu mu Ndola kufikira ziwerengero zoulutsidwa poyera zitasonyeza kuti anthu ambiri kumeneko ali ndi mafoni oimba pa 4G. Boma nalo lichepetse msonkho wa mafoni amenewa, kuti tsikulo lifike msanga popanda wotsala.