Tamanga manja a ana, kenako tikudabwa kuti sapanga kanthu

Sukulu ya ku Malawi imakhulupirira kuti nzeru zimalowera m'khutu basi. Mwana akhale pansi, apinde manja, atseke pakamwa, akopere zili pabolodi, ndipo tsiku la mayeso azibweze momwe anazilandirira. Akatero zaka 8 timati ndi wanzeru. Akapezeka ndi waya m'thumba la kabudula timamulanda, n'kumupatsa chibalo chokakumba dzenje la zinyalala. Kenako ife tomwe, titavala masuti pamsonkhano, timadandaula kuti dziko lino limaitanitsa kunja ngakhale zotokosera m'mano.

Tataya aphunzitsi awiri amene safuna malipiro. Woyamba ndi masewera a ana. Wachiwiri ndi zinthu zakale, zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale ndi zimene zikuola m'makhonde a agogo athu. Onsewa amaphunzitsa kudzera m'maso ndi m'manja, ndipo n'chifukwa chake sukulu yathu sikuwafuna.

Taonani mnyamata wa Sitandade 5 akupanga galimoto yamawaya kuseri kwa nyumba. Wayamba n'kuwongola waya pamwala, akumenya mwaulemu kuti asathyoke. Akupinda mbali ziwiri za galimotoyo, ndipo akudziwa kuti zikasiyana kutalika galimoto ipendekeka, choncho akuziyeza poziphatikiza. Mateyala wadula papatapata yakutha. Bowo liyenera kukhala pakatikati penipeni, likangophonya teyala liziyenda motsimphina. Pamene pali ntchito ndi kutsogolo: mateyala awiriwo ayenera kukhota limodzi akapotoza chiwongolero chachitali chija, ndiye pafunika kawaya kowalumikiza ndi mphira wa chubu womanga mosathina kwambiri. Walephera, wamasula, wayambiranso, popanda womukalipira kapena womulonjeza malikisi. Mawa lake m'kalasi auzidwa kuti anene pamtima tanthauzo la chinthu chozungulira m'Chingerezi, aphonya liwu limodzi, ndipo kope libwera ndi mtanda wofiira. Kodi amene sakudziwa masamu apa ndani?

Bawo ali ndi maenje 32 m'mizere 4 ndi nkhomo 64. Munthu wodziwa bawo satola nkhomo asanawerenge m'mutu komwe yomaliza ikagwere, ngati ikadye kapena ikagone, ndi chimene mnzake achite akatero. Kumeneku n'kuwonkhetsa, kugawa ndi kuona patsogolo, zonse nthawi imodzi, mwaliwiro loti wa kakyuleta sangafikepo. Mtsikana wochita phada amatulutsa miyala m'dzenje n'kumabweza iwiriiwiri, kenako itatuitatu, mwala wina uli m'mwamba. Akugawa manambala m'magulu maso ali kwina. Pamasanje ana amagawana maudindo, amaphika, amakangana, amaweruza milandu. Koma belu likangolira timati zachibwana zatha, tsopano tiyambe kuphunzira.

Akuluakulu a zamaphunziro sangati zimenezi sazidziwa. Mphunzitsi aliyense amene anadutsa kukoleji anamva za TALULAR, njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pomwepo monga zitsekerero za mabotolo, mapesi, dothi ndi makatoni. Pandandanda wa maphunziro akupulayimale pali Expressive Arts, phunziro la nyimbo, magule, zojambula, zoumba ndi masewera. Papepala zonse zili bwino. Vuto lili kumapeto kwa msewu, komwe kwaima MANEB, bungwe loyendetsa mayeso. Mayeso a Sitandade 8 ndi olemba. Luso la mwana loumba, losema kapena loimba ng'oma limayesedwa ndi pensulo, ndipo mphunzitsi si wopusa: amadziwa kuti mbiri yake ndi ya sukulu yake zili pa chiwerengero cha ana osankhidwa kupita kusekondale. Ndiye amalemba pabolodi mayina a mbali za ng'oma, ana n'kukopera, ng'oma yeniyeniyo osaigwira. Nthawi ya zaluso ikafika m'Sitandade 8 imasanduka nthawi yobwereza masamu. Sindikumunena mphunzitsiyo. Akuvina momwe ng'oma ya mayeso ikulirira.

Tibwere ku myuziyamu. Pa Chichiri mu Blantyre pali nyumba imene inatsegulidwa mu 1966. Pabwalo pake pali mutu wa sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi ya m'nthawi ya Nyasaland. Mkati muli mwala wochokera kumwamba umene unagwa ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu opitirira 90. Mphunzitsi wa sayansi wofuna kufotokoza momwe madzi owira amakankhira chitsulo mpaka kukoka mabogi akanatha kuimika ana pambali pa sitima ija, kuwaonetsa potenthera makala, posungira madzi ndi ndodo zotembenuza mateyala. Phunziro limene limadya milungu pabolodi likanamveka tsiku limodzi.

Koma ulendo wa sukulu timaudziwa momwe umayendera. Umabwera kumapeto kwa teremu, mayeso atatha, ngati mphotho. Amapita okhawo amene makolo awo akwanitsa kusonkha. Ana amalowa pamzere, wakutsogolo akumva zimene wowaperekeza akunena, wakumbuyo akukankhana. Aphunzitsi atsala panja pamthunzi ndi mafoni. Palibe mwana amene wabwera ndi funso, palibe amene wauzidwa kuti ajambule chinthu chimodzi chimene chamudabwitsa. Pasanathe ola onse ali m'minibasi, ulendo wa kumasitolo kukagula zozizira, ndipo ukawafunsa kunyumba chimene akukumbukira ndi ayisikirimu. Lolemba lake palibe amene atchulenso za sitima.

Ku Karonga nkhani yake ndi yowawa kwambiri. M'nyumba imene inatsegulidwa kumeneko mu 2004 mwaima chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo dzina lake m'mabuku a sayansi a dziko lonse lili ndi dzina la dziko lathu. Ku Uraha, m'boma lomwelo, ofukula zakale anapeza mu 1991 nsagwada ya munthu wakale wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ophunzira a m'mayunivesite a ku Germany ndi America amawerenga za malo amenewa. Mwana wa ku Malawi amadziwa za madayinoso kudzera m'makatuni, ndipo amaganiza kuti ankakhala kwa azungu. Ku Mangochi kuli nyumba yofotokoza za nyanja, komwe mwana angamve za Guendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Pa Namaka, mumsewu wa Blantyre ndi Zomba, pali kanyumba ka Mtengatenga kokumbutsa amuna amene ankanyamula makalata wapansi. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndi masukulu angati a m'tsinde mwa mapiri omwewo amene amakweza ana kukaona?

Ndikudziwa yankho limene likubwera: ndalama. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, sitinapumepo. Makalasi a ana opitirira 100 alipo, ena pansi pa mtengo. Mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Mchinji apeza kuti basi yopita ku Karonga? Funsoli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Koma liyankhidwe ndi amene amagawa ndalama za dziko. Lilongwe wakhala likulu kuyambira 1975. M'zaka zimenezi tamangamo nyumba ya malamulo, malo amisonkhano ya mayiko, bwalo lalikulu la mpira ndi misewu yodutsana m'mwamba. Myuziyamu ya fuko yoti mphunzitsi wa ku Kawale kapena Mtandire angayende nayo kalasi wapansi, ayi. Kumeneku si kusowa ndalama. N'kusankha.

Ndiponso kalasi yodzadza ndi imene ikufunika masewera kuposa ina iliyonse. Ana 100 sangaone bolodi limodzi bwinobwino, koma angagawidwe m'magulu panja, gulu lililonse ndi maenje ake okumba pansi ndi miyala yake. Dothi siligulidwa. Mapesi saitanitsidwa ku Dubai.

Ngakhale zinthu zakale sizili ku Chichiri kokha. M'mudzi uliwonse muli mphero imene inasiya ntchito chigayo chitabwera, mvukuto wa wosula zitsulo amene anamwalira, mono, nkhwangwa, mtondo wong'ambika, nsalu ya khungwa, ayironi yamakala, ndalama za mapaundi ndi mashereni zimene zinatha ntchito kwacha itabwera mu 1971, khadi lachipani la m'nthawi ya Kamuzu, chikwatu cha munthu amene anapita ku Joni ndi Wenela. Sukulu iliyonse ingathe kupatula ngodya imodzi, ana n'kutolera zinthuzi mwachilolezo cha eni ake, kufunsa agogo kuti chinkagwira ntchito yanji, ndani ankachigwiritsa, chinasiyidwa bwanji, kenako kulemba okha kapepala kofotokoza. Mwana amene wafunsa agogo ake za khadi lachipani, n'kumva kuti popanda khadilo munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi, wamvetsa ulamuliro wa chipani chimodzi kuposa amene waloweza kuti riferendamu inachitika mu 1993. Wachitanso Chichewa, mbiri ndi kafukufuku pa ntchito imodzi. Agogo amenewa akutha, ndipo akupita ndi zonse zimene sitinawafunse.

Pali chopinga china chimene sitikonda kuchitchula poyera. Makolo ena ndi atsogoleri ena a mipingo amaona chilichonse chakale ngati chachikunja. Mwana akati kusukulu taona chigoba cha gule, kunyumba kumakhala mlandu. Awa ndikuwapempha apite ku Mua. Mishoni ya Katolika imeneyi inayamba mu 1902, ndipo ndi wansembe, Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Mu Chamare Museum muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi zofotokoza miyambo ya Achewa, Ayao ndi Angoni. Tchalitchi cha pa Mua sichinagwe chifukwa cha zigobazo. Kuona chinthu n'kumvetsa chifukwa chimene makolo anachipangira si kuchipembedza. Mwana amene timamuphunzitsa kuchita manyazi ndi zonse zimene agogo ake anapanga tisayembekezere kuti adzakhulupirira kuti iyenso angapange chake. Ng'anjo zosungunulira chitsulo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu. Anthu amene anazimanga ankadziwa mwala woyenera, makala oyenera ndi mphepo yoyenera, popanda satifiketi.

Oyang'anira nyumba zosungiramo zakale nawonso asadzione ngati olakwiridwa okha. Galasi ndi chikwangwani choletsa kugwira zili ndi malo ake, pakuti chinthu chimodzi chosowa sichingapirire manja a ana zikwi. Koma nanga bwanji pambali pake osaika chofanizira choti mwana anyamule, mphero yoti apere, mvukuto woti apope, ng'oma yoti aombe? Bwanji mawu ofotokoza osalembedwa m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, m'ziganizo zoti wa Sitandade 4 awerenge yekha? Ogwira ntchito m'nyumbazi anaonetsapo kale kuti angathe kutuluka: akhala akupita kumasukulu akumidzi ndi magule ndi zisudzo kukaphunzitsa za malungo ndi Edzi. Ntchito yotere isamadikire kuti wopereka thandizo wakunja aikonde. Ikhale pabajeti, ndipo bokosi la zinthu zofanizira lizizungulira m'ma TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirana, monga momwe mabuku amazungulirira.

Timakonda kutchula William Kamkwamba. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala ya 2002, anabwereka buku mulaibulale yaing'ono, natolera zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga mpaka anapanga makina amphepo oyatsa magetsi. Lero pali buku ndi filimu, ndipo nduna zimamutchula m'malankhulidwe. Chimene sitinena n'chakuti anapeza nthawi yochita zimenezi chifukwa anali kunja kwa kalasi, ndipo pamene ankatolera zitsulozo anthu ankati wachita misala. Akanakhala m'kalasi yokonzekera mayeso, akanakhala akukopera manotsi mpaka madzulo ndi Loweruka lomwe.

Choncho pempho langa likupita ku unduna wa zamaphunziro ndi MANEB, pakuti aphunzitsi amatsata komwe kuli malikisi. Gawo la malikisi a Sitandade 8 lichokere pa chinthu chimene mwana wapanga ndi manja ake ndi kuchifotokoza pakamwa pake: galimoto, mphika, chida choimbira, kapena mbiri ya chinthu chakale cha m'mudzi mwake. Adzati aphunzitsi azikondera ana awo ndiponso makolo aziwapangira. Zoona, ena adzatero. Koma mayeso olembawa nawonso akhala akuberedwa, mpaka a MSCE a 2020 anathetsedwa ali mkati n'kulembedwanso, ndipo palibe amene ananena kuti tisiye kulemba mayeso.