Nanga Njinga Iime Pati?

Pa unyamata wanga munthu ankawerenga ndi zala magalimoto oima ku Down Shops. Tauni imene azungu anaitcha Fort Jameson inamangidwira anthu owerengeka. Mu 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda. Dzina linakula, koma misewu ya pakati pa masitolo inatsala momwemo.

Loweruka lina ndinaona mayi wobereka mwana akutsikira mumsewu, chifukwa galimoto inali itatseka khonde la sitolo. Mwini wake anati, "Pepani amayi, mphindi ziwiri chabe." Ndinakhala pomwepo kudikira mnzanga: mphindi ziwirizo zinakwana ola.

Ena akuti khonsolo ilembe mizere ndi kulipiritsa oimika. Sindikana, malinga risiti iperekedwe ndipo ndalamazo tizione zikugwira nchito pamsewu. Koma wolemba mizereyo asaiwale kuti kuno nkwao kwa njinga. Mlimi wochokera kwa Mpezeni ndi thumba la nshawa, kapena mnyamata wonyamula anthu kupita ku Kapata, aiimike pati yake? Malo a galimoto imodzi akwana njinga zisanu ndi zitatu, mwina kuposa. Malole opita ku Mwami, amene sadzagulako ngakhale mchere, akagone kunja kwa tauni.