Tabuleti Yogula Kudzera ku Sukulu: Kodi Ikafa Tifunse Yani?

Ndikufuna kunenapo maganizo anga pa nkhani ya matabuleti. Sindikunena mibulu ya mankhwala imene timalandira ku chipatala tikadwala malungo iai, koma timakina tagalasi tija timene ana akuphunzirira kuwerenga ndi masamu masiku ano. Funso langa ndi ili: ngati sukulu iuza makolo kuti abweretse ndalama ku ofesi kuti iwagulire ana ao tabuleti, ndipo tabuletiyo ifa teremu isanathe, kodi kholo lipite kwa yani? Ine ndikuti munthu amene watulutsa ndalama m'thumba mwache ndiye wogula, ndipo ufulu wache suthera pa khomo la ofesi ya sukulu.

Ife a m'chigwa cha Domasi sitiri alendo pa zinthu zatsopano za maphunziro. Amishoni a Church of Scotland anamanga pano m'chaka cha 1884, sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inatsegulidwa mu 1929, ndipo lero tiri ndi Malawi Institute of Education kumene amakonza masilabasi a dziko lonse. Agogo athu anayamba ndi kulemba pa mchenga, pambuyo pache analandira masileti. Tsono tabuleti ndiyo sileti ya masiku ano. Mu 2013 mabungwe a VSO ndi onebillion anayesa kuphunzitsa ana ndi matabuleti pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo mu 2023 Boma linayamba nchito yochedwa BEFIT m'masukulu a pulaimale 500, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amenewo ndi katundu wa sukulu, amachajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo kholo siligula. Za amenewo ndiribe chodandaula.

Amene ndikunena ine ndi ena aja amene sukulu ipangana ndi wamalonda m'modzi, nkulembera makolo kalata kuti mwana ali yense akhale nayo yache, ndipo ndalama ziperekedwe pamodzi ndi fizi. Msuweni wanga amaphunzira pa sukulu ina yoyendetsedwa ndi mwini wache kutali ndi kuno, ndipo amalume anamlipirira tabuleti mwa njira imeneyi. Patapita miyezi iwiri batire lache linatupa, tabuleti nkuleka kuyaka. Amalume atapita ku sukulu anauzidwa kuti, "Ife tinangokuthandizani kugula, kaonaneni ndi amene anabweretsa." Atampeza wamalondayo, iye anati, "Ine ndinagulitsa kwa sukulu, inu sindikudziwani. Lisiti lanu liri kuti?" Lisiti limene anali nalo amalume linangolembedwa kuti "zofunika pa sukulu", popanda dzina la tabuleti, nambala yache kapena dzina la sitolo. Anabwerera kumudzi manja ali m'khosi.

Anzanga, tisaiwale kumene ndalama zotere zimachokera. Makolo athu amagulitsa mpunga, mbuzi, matemba a ku Chilwa ndi ndiwo zamasamba pa msika wa Songani kuti ife tikhale m'kalasi. Matabuleti onse amachokera kunja, ndipo chiyambire pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wa kunja wakwera mtengo koopsa. Sileti ikasweka, bambo ankangokalipa tsiku limodzi nkugula ina. Tabuleti ikafa, ndiye kuti thukuta la dzinja lonse lapita pachabe.

Chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti malamulo oteteza wogula alipo. Pa 15 March 1962 Pulezidenti John Kennedy wa ku America ananena kuti wogula ali yense ali ndi maufulu anai: kutetezedwa ku katundu woopsa, kuuzidwa zoona za katunduyo, kusankha yekha, ndi kumvedwa akadandaula. Nchifukwa chache tsiku la 15 March limakumbukiridwa pa dziko lonse ngati tsiku la ogula. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Consumer Protection Act mu 2003, lamulo limene likuti wogula ayenera kuuzidwa zoona ndi zokwanira za chimene akugula, ndiponso kulipidwa ngati wogulitsa wamuonongetsa. Mu 2024 munayamba kugwira nchito lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act, limene linalowa m'malo mwa lija la 1998, ndipo linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipiritsa wamalonda wachinyengo ndi kumlamula kubweza ndalama. Bungwe lomweli lakhala likulanga eni masitolo amene amakana kulandira katundu woonongeka ponamizira mau aja akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Palinso Consumers Association of Malawi, bungwe lolankhulira ogula limene linayamba mu 1994.

Nanga ngati malamulo alipo, makolo amakhaliranji chete? Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bambo amene angathe kukangana ndi mwini sitolo ku Zomba tsiku lonse chifukwa cha wailesi yakufa, akafika pa maso pa aphunzitsi akulu amabvula chipewa nkungoti, "Chabwino bwana." Amaopa kuti akalimbikira, mwana wache adzaoneka ngati wochokera ku banja lobvuta. Ulemu umene makolo amapereka kwa aphunzitsi ndi wabwino ndithu, koma chifukwa cha ulemu womwewo sukulu iyenera kusamala koposa sitolo ina iri yonse.

Tsono ndiri ndi zinthu zisanu zimene ndikupempha kuti zizichitika pa sukulu iri yonse imene ifuna kuyamba malonda otere, ngakhale yathu ino tsiku likadzafika.

Choyamba, nkhaniyo iyambe yakambidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mtengo unenedwe poyera, ndipo makolo adziwe chifukwa chache wasankhidwa wamalonda uyu osati uyo.

Chachiwiri, kholo liri lonse lilandire lisiti la tabuleti payokha, lolembedwa dzina lache, mtundu wa tabuleti, nambala yache ndi dzina la wogulitsa.

Chachitatu, pakhale pepala la waranti, ndilo lonjezo la wogulitsa lakuti katundu akaonongeka yekha adzamkonza kapena kumsintha. Pepalalo linene miyezi ingati, akakonzera kuti, ndi amene adzalipira ulendo. Lilembedwe m'Chichewa, ndipo m'Chiyao momwe ngati nkotheka, pakuti ndizo zinenero za makolo athu kuno.

Chachinai, kholo likhale ndi ufulu wogula kwina kuli konse malinga tabuletiyo ikugwira nchito yofunikayo, ndipo mwana amene makolo ache alephera kugula asatulutsidwe m'kalasi kapena kuchititsidwa manyazi.

Chachisanu, makolo auzidwe ndalama zina zobisika zisanawagwere. Nyumba zambiri m'midzi yathu ziribe magetsi, kotero kuchaja nkolipira. Palinso bandulo ya intaneti, galasi likasweka, ndi maphunziro ena a m'katimo amene amafuna kulipiridwa chaka ndi chaka. Auzidwenso ngati tabuletiyo idzakhala ya mwana akamariza Fomu 4, ndi ngati idzatsegulidwa kuti igwire nchito zina.

Ndikudziwa kuti ena mwa aphunzitsi athu adzati, "Kodi mwanayu akufuna kuti tisanduke eni sitolo? Ife timangothandiza." Mau amenewa ali ndi nzeru. Kugula zambiri pamodzi kumatsitsa mtengo, ndipo mphunzitsi sabvutika pophunzitsa ngati ana onse ali ndi makina ofanana. Aphunzitsi ali kale ndi nchito yambiri, ndipo ambiri amachita izi ndi mtima wabwino osapindulapo kanthu. Koma taganizani za ankhoswe. Munthu amene wabvomera unkhoswe sanena kuti nchito yache inatha tsiku la ukwati. Banja likayamba kugwedezeka, ndiye woyamba kuitanidwa, ngakhale pakati pa usiku. Sukulu imene yasankha wamalonda ndi kulandira ndalama za makolo yabvomera unkhoswe. Ngati ndiyo yagulitsa, iyankhe yokha. Ngati inali mtumiki chabe, itenge matabuleti akufawo ndi kukaimirira makolo kwa wamalonda, pakuti liu la sukulu yogula matabuleti ambiri limamveka kuposa la mai m'modzi wochokera kuseri kwa phiri la Malosa.

Zimenezi nzotheka. Mu 2013 akulu a masukulu a mzinda wa Los Angeles ku America anayamba kugulira ana ao ma iPad, koma maphunziro amene anaikidwa m'katimo sanagwire nchito monga analonjezera ogulitsa. Akuluwo sanakhale chete, anaumirira, ndipo mu 2015 kampani ya Apple inabvomera kubweza gawo la ndalamazo. Ngati masukulu anatha kulimbana ndi kampani yaikulu chotere, sukulu ya kuno singalephere kufunsa wamalonda wa ku Limbe kapena ku Lilongwe kuti asinthe batire.

Pomariza ndilankhule ndi inu ophunzira anzanga. Makolo athu ambiri sawerenga Chingerezi, ndipo anatitumiza ku sukulu kuti tikhale maso ao. Kalata yotere ikabwera, tisangoti, "Amai, sainani apa, anzanga onse agula." Tiwawerengere mau onse, ndi ang'ono ang'ono omwe a m'munsi, tiwasungire lisiti pa malo ouma, ndipo tiwalimbitse mtima kuti kufunsa si chipongwe. Safunsa anadya phula. Komanso tikumbukire kuti waranti siteteza tabuleti imene yagwera mu mtsinje wa Domasi kapena yokhaliridwa pa bwalo la mpira. Kusamala katundu ndi mbali yathu, ndipo tikalephera apo tisanamizire wogulitsa.

Kwa inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndikupempha kuti nkhani imeneyi mudzaiike pa msonkhano wa makolo ukudzawu, kuti mfundo zigwirizanidwe wamalonda ali yense asanafike pa chipata ndi makatoni ache.

Ndine wanu,
Wophunzira wa Fomu 3