Nthabwala Si Chibwana

Pali anthu ena amene akamva kuti mwana akufuna kudzakhala mlembi wa masewero oseketsa, amapukusa mutu n'kunena kuti sukulu yapita pachabe. Anthu oterewa akulakwa, ndipo moyo wa Norman Lear ukuwatsutsa.

Lear adabadwa m'chaka cha 1922 ku America. M'chaka cha 1971 adayambitsa sewero lotchedwa All in the Family pa wailesi ya kanema ya CBS. Mtengambali wamkulu, Archie Bunker, adali bambo watsankho, wonyoza anthu akuda ndiponso akazi. Akuluakulu adati khoswe wa pamkhate sapheka. Tsankho nalo lidali litakhala pamkhate, m'nyumba za anthu olemekezeka, momwe mdzudzulo sunkafika. Lear sadaswe mkhatewo. Adangochititsa mabanja kuseka Archie, ndipo m'kusekamo ena adazindikira kuti akudziseka okha. Kwa zaka 5 zotsatizana, sewerolo lidaposa mapulogalamu onse m'dzikomo pa chiwerengero cha oonera.

Otsutsa amati oonera ena adamukonda Archie m'malo mochita naye manyazi. Izi n'zoona. Koma kodi mlaliki amasiya guwa chifukwa chakuti ena atuluka m'tchalitchi osatembenuka mtima?

Lear adamwalira m'chaka cha 2023 ali ndi zaka 101, atatisiyiranso The Jeffersons ndi Good Times. Choncho wophunzira iwe, ngati uli ndi luso loseketsa, usachite nalo manyazi. Linole, pakuti choonadi chowawa chimamezeka msanga chikatsagana ndi phwete.