"Sala, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Sabata yatha ndikuphunzitsa za mafunde ku Fomu 4, ndinapatuka pang'ono n'kuyamba kukamba za momwe akatswiri amayezera X-ray pogwiritsa ntchito kristalo. Mtsikana wina anakweza dzanja: "Sala, zimenezi zibwera pa mayeso?" Ndinamuuza zoona, kuti mwina ayi. Nthawi yomweyo theka la kalasi linatseka makope. Sindinakwiye, koma nkhaniyi yandikhala pamtima. Ine ndikuti kutseka kopeko n'kudzimana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mangani chingwe kumtengo, mugwire nsonga inayo. Mutha kuchigwedeza chokweza ndi chotsitsa, kapena cha kumanja ndi kumanzere. Fundelo likupitabe kumtengo, koma mbali yogwedezekera yasintha. Kuwala nakonso ndi funde lotere. Kwa dzuwa kumagwedezeka mbali zonse mosakanikirana, koma kukamagwedezeka kwambiri mbali imodzi, ndiye timati polarisation. Munaiona kale, dzina lokha ndilo simunkalidziwa. Kuthwanima kwa madzi a nyanja ya Chiuta kumene kumathobwa m'maso asodzi n'kotero, makamaka kuwala kukagwa pa madigiri pafupifupi 53 kuchokera pa mzere woima chilili.

X-ray, imene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, ndi m'bale wake wa kuwala. Kungoti mafunde ake ndi aafupi zedi, ofanana ndi mpata wa pakati pa maatomu. Magalasi a dzuwa sangaisefe, imangodutsa ngati mmene imadutsira mnofu pojambula chifuwa kuchipatala ku Liwonde. Ndiye ungadziwe bwanji mbali imene ikugwedezekera?

Apa m'pamene kristalo imalowa. Kristalo ndi chinthu chimene maatomu ake andandalikana mwadongosolo ngati mizere ya m'munda. Mchere wa m'ndiwo ndi kristalo. Mu 1912 Max von Laue ndi anzake anaonetsa kuti kristalo imamwaza X-ray mwadongosolo. Kenako William Bragg ndi mwana wake Lawrence anapeza kuti mizere ya maatomu imabweza X-ray ngati kalilole, koma pa makona ena okha. Anayamba kuwerenga m'kati mwa zinthu ndi mchere womwewu, ndipo mu 1915 analandira mphotho ya Nobel, Lawrence ali ndi zaka 25 zokha.

Chinsinsi chili apa, mvetserani. X-ray ikafika pa kristalo imagwedeza maelekitironi, ndipo maelekitironiwo ndi amene amatulutsa funde lobwereralo. Koma elekitironi siitumiza funde kumbali imene iyo ikugwedezekera. Choncho mukasankha kristalo imene imabweza X-ray pa madigiri 45, kuti funde likhote ndi madigiri 90, mafunde okhawo ogwedezeka mogona ndi nkhope ya kristaloyo ndiwo amabwerera. Enawo ayi. Tsono mumazunguza kristalo pang'onopang'ono uku mukuwerenga X-ray yobwerera. Chiwerengero chikamakwera ndi kutsika, basi, polarisation ilipo, ndipo mwadziwa mbali yake.

Mu 1975 dziko la America linatumiza kumwamba setilaiti yotchedwa OSO-8 itanyamula chipangizo chotere. Anachilozetsa ku Crab Nebula, zotsalira za nyenyezi imene kuphulika kwake kunaoneka ndi akatswiri a ku China mu 1054. Anapeza polarisation ya pafupifupi 19 pa 100 iliyonse. Nambala imeneyi inatsimikiza kuti X-ray ya kumeneko siichokera ku mpweya wotentha chabe, koma ku maelekitironi othamanga koopsa amene akuzungulira mu mphamvu ya maginito. Kristalo imene anagwiritsa ntchito? Graphite. Inde, mtundu womwewo wa chakuda cha m'kati mwa pensulo yanu, kungoti yawoyo inali yoyera bwino, pomwe ya m'pensulo amaisakaniza ndi dongo.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Kuno kwa Kawinga ambiri tilibe labu yeniyeni, makolo agulitsa nandolo kuti mupeze fizi, ndipo chimene akudikira ndi satifiketi ya MSCE, osati nkhani za nyenyezi. N'zoona, ndipo sindikuti musiye kuwerengera mayeso. Koma taganizirani za nandoloyo. Pamsika, mwini sikelo ndiye amatchula kulemera, iwe wobweretsa thumba umangovomera. Miyala yathu ilinso chimodzimodzi. Ku Malingunde ku Lilongwe kuli graphite. Ku phiri la Kangankunde, ku Balaka konkuno, kuli miyala ya mtengo wapatali yotchedwa rare earths. Imodzi mwa njira zazikulu zodziwira chimene chili m'mwala ndi X-ray ndi lamulo la Bragg lomweli. Tikapanda kukhala ndi ana athu odziwa kuyeza, tidzakhala eni thumba, sikelo ili m'manja mwa ena.

Mpatawu ndi waukulu. Makina aakulu opangira X-ray yamphamvu yofufuzira, otchedwa synchrotron, alipo ku Ulaya, ku Asia, ku America ndi ku Australia. Ku Jordan anatsegula awo mu 2017. Mu Africa muno mulibe ndi amodzi omwe, ngakhale akatswiri akhala akulimbikitsa zoti amangidwe. Tsiku limene adzamangidwe, adzafuna anthu. Anthuwo lero ali mu Fomu 2 kwinakwake. Chikuletsa n'chiyani kuti akhale a ku Ntaja?

Ndikupatsani ntchito yosafuna labu. Bwerekani magalasi a dzuwa olembedwa kuti Polarized, muyang'ane nawo pa sikirini ya kakyuleta yanu, kenako muwazunguze pang'onopang'ono. Pena pake sikiriniyo idzada bii. Ikapanda kuda, dziwani kuti magalasiwo ndi achinyengo, ndipo mwawagwira ndi sayansi. Ikada, mwachita ndi manja anu zimene OSO-8 inachita kumwamba: kuzunguza, kuona kukwera ndi kutsika, n'kudziwa mbali ya funde.

Kwa mtsikana uja, yankho langa silinasinthe. Mwina sizibwera pa mayeso. Koma kope lako usatseke, Lolemba ubwere ndi kakyuleta.