Kodi Laputopu Yopepuka ndi ya Munthu Aliyense?

Masiku ano mnyamata akangolemba mayeso a Fomu 4, pempho loyamba limene amapita nalo kwa makolo ndi la laputopu. Amene akupita ku yunivesite amaifuna, amene akupita ku seminale yaikulu amaifunanso. Pempholi ndi lomveka ndithu, popeza maphunziro a tsopano amayenda ndi kompyuta. Mkangano umabuka pa funso lachiwiri: laputopu yake iti? Apa ndi pomwe ambiri a ife maso athu amathamangira ku timalaputopu tatsopano topyapyala tija, tolowa m'chikwama ngati kope.

Mwezi wa Malichi chaka cha 2025 kampani ya Apple idatulutsa MacBook Air ya mtundu wa M4. Olemba nkhani za makompyuta ku America ndi ku Ulaya adaitamanda kwambiri, ndipo ambiri adati imeneyi ndiyo laputopu yoyenera anthu ambiri. Ine sindikutsutsa kuti ndi makina abwino. Chimene ndikufunsa ndi chakuti, anthu ambiriwo ndi ati? Maganizo anga ndi akuti kwa wogula wamba wa kuno kwathu, laputopu yotere imakwanitsa ntchito yake, koma siyimuyenera. Kukwanitsa ntchito ndi kwina, kuyenera munthu ndi kwinanso.

Tiyambe taipatsa ulemu wake. Laputopu imeneyi, ya sikirini ya mainchesi 13, imalemera makilogalamu 1.24 okha. Eni ake amati batire lake likhoza kufika maola 18 lisanathe moto. Ngakhale titachotsapo maola angapo, podziwa kuti wogulitsa sanyoza malonda ake, otsalawo ndi ambiribe. Ife amene timadziwa kuzima kwa magetsi sitingachepetse zimenezi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, m'mene magetsi ankazimira maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Pa nthawi ngati imeneyo laputopu yosunga moto tsiku lonse ndi chuma chenicheni.

Kuonjezera apo, laputopuyi ilibe fani m'kati mwake. Motero siyichita phokoso, ndiponso siyimeza fumbi monga zimachitira zinzake m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Mavairasi ambiri amene timatenga ndi mafulashi athu ku malo otayipitsira ndi opulintitsira adapangidwira makompyuta a Windows, kotero pa makina a Apple sagwira ntchito. Ndipo pa ntchito za munthu wamba monga kulemba, kuwerenga mabuku, kuwerengera ndalama za pa golosale, kusunga zithunzi ndi kufufuza zinthu pa intaneti, mphamvu zake ndi zokwanira mpaka kutsalako. Zonsezi ndi zoona, ndipo wozikana ndiye kuti akungochita kaduka.

Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wanzeru ayenera kufunsa kuti kupepukaku kudabwera bwanji. Katundu sapepuka yekha. Amapepuka wina akatsitsapo zinthu zina. Pomwe malemu Steve Jobs ankaonetsa MacBook Air yoyamba mu mzinda wa San Francisco chaka cha 2008, adaisolola mu envulopu ya makalata, anthu n'kuwomba m'manja. Koma kuti ikwane mu envulopumo, adaichotsa malo olowetsamo ma DVD, ndipo adangoisiyira bowo limodzi lokha la USB. Kuyambira pamenepo makampani ena monga Dell, HP, Lenovo ndi Microsoft nawonso akhala akupikisana kupanga malaputopu opyapyala, ndipo njira yake ndi yomweyo: kuchotsa, kuphatikiza ndi kumata. Tsono tiyeni tione zimene zidatsitsidwazo ngati zili zinthu zoti ife tingakhale popanda izo.

Choyamba ndi mabowo olumikizira zipangizo. MacBook Air ya 2025 ili ndi mabowo awiri aang'ono a USB-C, limodzi la chaja, ndi limodzi la zomvera m'makutu, basi. Koma fulashi imene ambiri a ife tili nayo ndi ya mutu waukulu wa USB wakale uja. Pulinta ya mu ofesi ya sukulu ndi chimodzimodzi. Pulojekita ya m'kalasi imafuna chingwe cha HDMI, mwinanso cha VGA ngati ili yakale. Kuti zonsezi zilumikizike pafunika kugula adaputa, kachipangizo kamene kamasowa msanga ndipo kamaiwalika tsiku lomwe kakufunikira kwambiri. Wophunzira amene wafika kutsogolo kwa kalasi kuti aonetse ntchito yake, n'kupeza kuti chingwe chilibe polowa, kupepuka kwa laputopu sikumuthandiza kanthu.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyambacho. Kompyuta ili ndi zigawo ziwiri zimene zimayamba kuchepa ikamakalamba. Chigawo china ndi RAM, pamene imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo, monga m'mene mlembi amayalira mapepala pa tebulo. Chigawo china ndi nkhokwe yake, mosungiramo zolemba, zithunzi ndi mapulogalamu. Pa malaputopu ambiri akale, mmisiri amatsegula pansi n'kuwonjezera RAM kapena kuika nkhokwe yokulirapo. Pa MacBook Air zonse ziwiri adazimatirira ku bolodi lalikulu, ndipo munthu sangaziwonjezere atagula kale. Yotsika mtengo kwambiri ya chaka cha 2025 idali ndi RAM ya 16 GB ndi nkhokwe ya 256 GB. Zili ngati kugula nyumba imene simungaonjezereko chipinda ngakhale ana atachuluka.

Okonza makinawa ankaganizira munthu amene ali ndi intaneti yosadukiza m'nyumba mwake, woti zinthu zikachuluka amazisunga pa intaneti pomwepo. Apple imapereka malo aulere a 5 GB okha pa iCloud, ndipo oposera apo ndi olipira mwezi ndi mwezi. Nanga ife amene timagula bandulo ya tsiku limodzi, n'kumaigwiritsa ntchito mowerengetsera ngati mchere wopempha, tingasunge bwanji katundu wathu kumeneko?

Chachitatu, ndipo kwa ine ndicho mutu wa nkhani yonse, ndi tsiku limene laputopu yaonongeka. Tsikulo limafika ndithu, chifukwa chakudza sichiyimba ng'oma. Tiyi atayikira pa kiyibodi, chikwama chipanikizidwa mu minibasi, magetsi abwera mwamphamvu chaja ili pakhoma. Amisiri athu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu adazolowera makina a Dell, HP ndi Lenovo. Masipeya ake amapezeka, ndipo akasowa atsopano amachotsa pa laputopu ina yakufa. Koma kampani ya Apple ilibe sitolo yakeyake mu Africa monse muno. Imadalira ogulitsa ena amene idawaloleza, monga a ku South Africa. Ngakhale zomangira za pansi pa MacBook ndi za mtundu wakewake, zofuna sikuludiraiva yapadera. Chitsimikizo chimene amapereka pogula ndi cha chaka chimodzi, ndipo sichikhudza laputopu yogwa kapena yothiridwa madzi.

Choopsa china ndi ichi. Popeza nkhokwe idamatiriridwa ku bolodi, bolodilo likapsa zimakhala zovuta zedi kupulumutsa zimene zidali m'katimo. Pa laputopu yotseguka, mmisiri amachotsa nkhokweyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, zolemba zanu n'kupezeka. Taganizirani wophunzira wa chaka chomaliza amene ntchito yake yonse ya kafukufuku ili m'makina amene akana kuyaka, kwatsala sabata ziwiri kuti apereke. Batire lotchuka lija nalonso silikhala mpaka kalekale. Apple yomwe imanena kuti likatchajidwa ndi kutha maulendo 1,000 limatsala ndi mphamvu zokwana pafupifupi 80 pa 100 iliyonse. Tsiku lofuna lina likafika, kodi mudzalipeza kuti?

Tisaiwale za mtengo. Ku America laputopuyi idayambira pa madola 999. Pa mtengo wa ku banki wa chaka cha 2025, umene udali pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, ndalamazi zikupitirira K1,700,000, tisanawerengere zoyendera, misonkho ndi phindu la wogulitsa. Tikudziwanso kuti amalonda ambiri sapeza madola ku banki, ndipo kunja kwa banki dola imakwera kuposa apo. Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Wolemba nkhani wa ku New York akamati mtengo wake ndi wabwino, akuyerekeza ndi malipiro a kwawo. Kwa kholo limene limadalira fodya, soya kapena malipiro a uphunzitsi, ndalama zimenezi ndi fizi ya ana ena, feteleza wa chaka chonse ndi malata a nyumba.

Tsono wogula wamba achite chiyani? Ine ndikuti ayang'ane malaputopu amene adapangidwira ntchito za m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, kaya atsopano kaya a kaunjika amene akadali bwino. Titenge chitsanzo cha ThinkPad T480 ya chaka cha 2018. Ili ndi malo awiri oikamo RAM, nkhokwe yake imasinthika, batire lake lakunja limachotsedwa ndi manja, ndipo ili ndi mabowo a USB yakale, a USB-C, a HDMI ndi a chingwe cha intaneti. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 1.6. Kusiyana kwake ndi MacBook Air sikufika theka la kilogalamu. Botolo la madzi la theka la lita limene timanyamula m'chikwama chomwecho limalemera kuposa kusiyanako. Kodi mnyamata amene amasenza thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo angalephere kunyamula zimenezi?

Wina anena kuti kaunjika naye ali ndi nyerere zake. Akunena zoona. Batire la laputopu yakale silingafike pa la yatsopano ija, ndipo nthawi zambiri limakhala litatopa kale. Komanso pali msampha wina umene makolo ambiri saudziwa. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo Windows 11 imafuna makina atsopanoko. Pa makina a Intel, imafuna a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo. M'badwowu umaoneka pa nambala yake: i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, pamene i5-6200U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndipo idatsalira. Malaputopu otsalirawa ndi amene maiko olemera akuwataya tsopano, ndipo ena mwa iwo adzatera m'misika yathu atapukutidwa bwinobwino.

Nchifukwa chake pogula pafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani ndi munthu wodziwa makompyuta. Onani m'badwo wa makinawo, onetsetsani kuti RAM siyichepera 8 GB, ndipo nkhokwe yake ikhale ya SSD. Zulani chaja pakhoma muone m'mene batire likutsikira. Yesani mabatani onse a kiyibodi ndi mabowo onse. Funsani lisiti, kuopa kugula katundu wakuba. Ndipo ngati mtima wanu wakakamirabe pa MacBook ya kaunjika, onetsetsani kuti mwini wake woyamba adaichotsa pa akaunti yake ya Apple, chifukwa ikakhala yokiyidwa mwagula mbale yodyera. Safunsa adadya phula.

Kodi ndiye kuti laputopu yopepuka ilibe mwini? Ali nayo. Imayenera munthu amene ntchito yake ndi ya pa ulendo, monga mtolankhani kapena wochita kafukufuku m'midzi, amene amatha tsiku lonse kutali ndi magetsi. Imayeneranso munthu amene ikaonongeka ali ndi njira yoitumizira ku Johannesburg, ndipo ali ndi kompyuta ina yogwiritsa ntchito podikira. Anthu otere alipo, ndipo agule ndi mtima woyera. Koma iwowa si ambiri pakati pathu. Ambirife laputopu yathu imakhala pa tebulo, ulendo wake wautali ndi wochoka kogona kupita m'kalasi, ndipo tikagula imodzi timafuna itiperekeze zaka zinayi kapena zisanu.

Kwa anzanga ophunzira ndikuti, tiyeni tinene chilungamo. Kawirikawiri chimene chimatikopa si maola 18 a batire ayi, koma kachizindikiro konyezimira kali pa chivundikiro, ndi maso a anzathu tikamaitulutsa m'chikwama. Si bwino kuti kholo ligulitse ng'ombe chifukwa cha maso a anthu. Mayeso sakhoza ndi laputopu. Amakhoza ndi mutu wa mwini wake.

Kwa inu makolo athu, ndi inu abambo ansembe amene makolo amadzakufunsani nzeru pa nkhani zotere, musachite manyazi kufunsa mafunso atatu awa musanatulutse ndalama. Kodi ikaonongeka adzaikonza ndani, ndipo ali kuti? Kodi fulashi, pulinta ndi pulojekita zimene mwanayu adzazipeza kusukulu zidzalowa? Kodi ikadzayamba kuchepa mphamvu, idzatheka kuonjezera? Wogulitsa akayankha bwino mafunso atatuwa, gulani, kaya laputopuyo ndi yopepuka kaya ndi yolemera. Akayamba kukuuzani za kukongola kwake, bwezani ndalama zanu m'thumba mukayang'ane kwina.