Mapanga Awiri: Za Munthu Wophunzira Ali pa Ntchito

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu dzuwa litapendeka, pamene maofesi atsekedwa ndipo anthu akulimbirana minibasi, anaonapo amuna ndi akazi ena amene, m'malo molunjika kwawo kukapumula, amakhotera ku makalasi a madzulo, chikwama cha mabuku chili paphewa, maso atafiira ndi ntchito ya tsiku lonse. Ena ndi makalaliki ofuna kudziwa za kuwerengera chuma, ena ndi anamwino, ndipo ambiri ndi aphunzitsi amene, sukulu zikangotsekera, amamanga katundu ulendo wa ku Domasi kapena ku Mzuzu University kukaonana ndi owaphunzitsa. Mabwana amanong'onezana za anthu otere, koma funso lawolo liyenera kufunsidwa pabwalo: kodi munthu akamaphunzira ali pa ntchito, ntchito yakeyo imakoma kapena imafota?

Mwambo umenewu si wa lero. M'chaka cha 1965, ufulu wathu usanathe n'komwe zaka ziwiri, boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi College of Distance Education, pozindikira kuti malo m'sukulu za sekondale anali ochepa ndipo ofuna nzeru anali khamu. Makolo athu ambiri, amesenjala, apolisi ndi aphunzitsi a m'midzi, ankalandira maphunziro awo m'maenvulopu a ku positi, nawerenga pa nyali ya koloboyi ana atagona, nadzuka m'mamawa kupita ku ntchito monga mwa masiku onse. Chotero amene anena kuti ntchito ndi maphunziro siziyendera limodzi ayenera kukumbukira kuti maofesi a dziko lino anaimikidwa ndi manja a anthu amene anasenza zonse ziwiri.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti chimene munthu wawerenga usiku amachiyesa m'mawa, chisanazizire. Ndikumbukira mphunzitsi wina wamkazi wa kwathu amene kwa zaka zingapo ankaphunzitsa masamu mu Sitandade 2 pongoimbitsa ana manambala, iwo nabwereza ngati nyimbo osadziwa tanthauzo lake. Koma atawerenga m'buku la maphunziro ake kuti mwana amamva msanga chimene wachigwira ndi dzanja, anauza ana kuti aliyense abwere ndi zitsekerero za mabotolo khumi ndi timitengo tomanga m'mitolo, ndipo pasanathe mwezi ana omwe aja, atakhala pansi pa mtengo wa mango, anali kuchotsera ndi kuphatikiza, nakangana okhaokha za yankho. Wophunzira wa pa koleji akadasunga nzeru imeneyo m'kope zaka ziwiri kudikira tsiku loigwiritsa ntchito, ndipo mwina ikadafika m'kalasi itasukuluka.

Palinso ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Munthu wa banja, amene malipiro ake adyetsa ana ake, ana a mlongo wake ndi mayi wake wokalamba, sangathe kutula ntchito pansi kuti akakhale pa benchi zaka zinayi. Ndipo sukulu ya kumudzi kapena chipatala chaching'ono, kumene antchito ali owerengeka pa zala, sichingathe kumtaya nthawi yonseyo. Kuphunzira ali pa ntchito kumasunga mphika pamoto ndiponso kumasunga wantchito pamalo pake.

Komatu akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo sananame. Thupi la munthu si chitsulo, ndipo tsiku silitalika chifukwa chakuti mayeso ayandikira. Maola amene munthu apereka ku mabuku amawachotsa kwina, ndipo akatha kuwachotsa ku tulo ndi ku banja, otsala ndi a ntchito. Ndinaona ndi maso anga kalasi ya ana oposa makumi asanu ndi atatu itasiyidwa m'manja mwa monitala, bolodi litadzaza ndi manotsi okopera, mwanayo akulemba maina a olongolola, pamene mphunzitsi anali kuseri kwa ofesi kulemba asainimenti yofunika kutumizidwa tsiku lomwelo. Ndani mwa ife sanakhalepo pa benchi la ofesi kuyambira m'mawa, nauzidwa dzuwa lili paliwombo kuti, "Abwana atuluka pang'ono, mubwerenso mawa," pamene jekete lawo likulendewera pampando ndipo aliyense m'nyumbamo akudziwa kumene apita? Mtengo wa satifiketi yotere umalipidwa ndi mwana amene sanaphunzire, ndi mayi amene wataya ndalama ya basi kawiri.

Onjezani pamenepo fizi, imene imalowetsa ambiri m'ngongole ngakhale kwa akatapila, kotero kuti munthu amafika pa ntchito mtima uli pa tsiku lobweza. Onjezaninso uyo amene akuphunzira chinthu chosagwirizana konse ndi ntchito yake, pofuna khomo lotulukira. Thupi lake lili pa desiki, koma mtima unasamuka kale. Ndipo chowawitsa mtima koposa ndi ichi, kuti ena, atavutika zaka zonsezo, amabwerera pa mpando womwewo ndi malipiro omwewo, digiri ili m'sutikesi, ndipo kuchokera tsikulo amagwira ntchito monyinyirika kuposa mmene ankachitira asanaphunzire.

Dziko lathu linayesapo nkhaniyi pa mlingo waukulu. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana anakhamukira m'makalasi, chiwerengero chawo nichikwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwizikwi amene sanapondepo pa koleji ya uphunzitsi. Pofuna kuwasula osatseka makalasi, mu 1997 kunayambika ndondomeko ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, kenaka miyezi pafupifupi makumi awiri akuphunzitsa pa sukulu zawo uku akuwerenga mabuku amene anapatsidwa, potsiriza kubwerera kukalemba mayeso. Popanda njira imeneyi makalasi ambiri akadakhala opanda woimirira kutsogolo. Koma msana wa ndondomekoyo unali uphungu wa pa sukulu, ndipo apa ndi pamene panali pofooka, pakuti aphunzitsi aakulu anali otanganidwa ndipo oyendera ochokera ku koleji sankafika kawirikawiri. Kumene mphunzitsi wamkulu ankakhala kumbuyo kwa kalasi, naonerera, nalangiza pambuyo pake, mphunzitsi watsopano ankakula. Kumene anasiyidwa yekha ndi chikhamu cha ana, mabuku aja ankangolowezedwa kuti mayeso apambanidwe, ndipo kaphunzitsidwe sikanasinthe kwenikweni.

Pamenepa ndi pamene ine ndiima. Chimene chimakometsa kapena kufotetsa ntchito si maphunziro pa okha, koma mgwirizano umene ulipo pakati pa buku ndi ntchito, ndi pakati pa wantchito ndi womlemba. Maphunziro akakhala a munda womwewo umene munthu akulima, ali ngati manyowa. Akakhala a munda wina, ali ngati udzu wolanda chakudya cha mbewu. Chotero wantchito asaphunzire mozemba ngati wakuba, koma apite kwa mkulu wake, amuuze masiku a makalasi ndi a mayeso, kuti papezeke womgwirira. Achepetse maphunziro otenga nthawi imodzi, pokumbukira kuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo akalandira pepala lake, atumikireko pamalo pamene anampirira. Nayenso wolemba ntchito asachite nsanje ndi nzeru za wam'munsi mwake, pakuti bwana wokana chilolezo saletsa munthu kuphunzira, amangomphunzitsa kunama. Apereke tchuthi cha mayeso poyera, afunse chimene wantchito waphunzira sabata ino, ndipo amupatse mpata wochiyesa.

Ndilemekeza ndi mtima wonse onse amene ali maso usiku uno pa mabuku, ena pa kuwala kwa foni magetsi atazima, chifukwa njala yawo ndi yabwino ndipo dziko likuisowa. Koma ndiwapempha kuti, asanatseke buku, adzifunse ngati mwana amene adzakhala patsogolo pawo m'mawa, kapena wodwala amene adzawadikira pakhonde, adzapindulepo kanthu pa zimene awerenga. Ngati yankho ndi inde, apitirize molimba mtima. Ngati ndi ayi, akambirane ndi akulu awo kusanache, pakuti mwana wa Sitandade 2 uja sadzabwereranso m'kalasi imeneyo kudzatola chaka chimene chinamtayikira.